Glassdoor mukachotsedwa ntchito: zimene ingakuuzeni ndi zimene singakuuzeni

Munthu amene wachotsedwa ntchito chifukwa kampani ikuchepetsa antchito sasaka ntchito ngati wina aliyense. Malipiro amawaganizira ndithu, koma mumtima mwake muli mafunso awiri osapereka mpata. Kodi ntchito iyi ikhalitsa, kapena ikangotha miyezi ingapo ndilandiranso kalata ngati ija? Nanga zinthu zikadzavuta, akuluakulu a pamenepa amachita nawo bwanji anthu awo? Ambiri amathamangira ku Glassdoor, tsamba la pa intaneti pomwe antchito amalemba ndemanga za makampani awo popanda kuonetsa mayina. Ife tikuti ndi bwino kulitsegula tsambali musanapite ku intavyu iliyonse, koma dziwani kuti limayankha funso lachiwiri lokha, ndiponso limayankha munthu woleza mtima. Pa funso loyamba ndi lofooka. Ndipo chimene chimakulandirani pamwamba penipeni, chiwerengero cha nyenyezi (kuyambira imodzi mpaka zisanu) zimene antchito amapatsa kampani, ndicho chosadalirika kuposa zonse.

Glassdoor inayambika mu 2007 ku California. Anaiyambitsa ndi Robert Hohman, Tim Besse ndi Rich Barton, yemwe ndiyenso anayambitsa Expedia, ndipo tsambalo linatsegulidwa kwa anthu mu 2008. Mu 2018 kampani ya ku Japan ya Recruit Holdings inaigula pa madola 1.2 biliyoni. Recruit ndi mwini wakenso wa Indeed, tsamba lotsatsira malo a ntchito, ndipo mu July 2025 inalengeza kuti ichotsa antchito pafupifupi 1,300 m'makampani awiriwa, komanso kuti ntchito za Glassdoor zilowetsedwa mu Indeed. Choncho mabatani ena amene tikutchula pano angasunthe malo, koma kawerengedwe ka ndemanga sikasintha.

Wosaka ntchito salipira kalikonse. Ndalama za Glassdoor zimachokera kwa olemba ntchito, amene amalipira kuti atsatse malo a ntchito ndi kukongoletsa masamba awo. Glassdoor imanenetsa kuti kampani singalipire kuti ndemanga yoipa ifafanizidwe, ndipo pamasamba a makampani olipira mumapezekadi ndemanga zowawa. Komabe kampani yolipira imaloledwa kusankha ndemanga imodzi yoikomera n'kuiika pamwamba, pafupi ndi zithunzi za antchito akumwetulira. Paja amati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Zimene mwaona koyamba ndi zimene kampani yafuna kuti muone.

Kulowa, ndi zoyenera kusamala musanalembe kanthu

Kuti muwerenge zonse, Glassdoor imafuna kuti mutsegule akaunti n'kuperekapo kanthu: ndemanga ya kampani, malipiro anu, kapena mmene intavyu ina inayendera. Mukapereka chimodzi, imakutsegulirani kwa miyezi 12. Lamuloli limakwiyitsa ambiri, koma lili ndi phindu lake. Munthu amene zinthu zikumuyendera mwapakatikati saganiza zolemba ndemanga. Amene amalemba mwa kufuna kwake nthawi zambiri ndi wokwiya kwambiri kapena wokondwa kwambiri. Kafukufuku wa mu 2018 wa Ioana Marinescu ndi anzake, mmodzi mwa iwo Andrew Chamberlain yemwe panthawiyo anali katswiri wamkulu wa zachuma ku Glassdoor, anapeza kuti anthu olemba pofuna kutseguliridwa tsamba amapereka ndemanga zofatsa kuposa olemba mwa iwo okha. Vuto lake ndi loti ena amangolemba zoti adutse. Bokosi la zabwino, lotchedwa Pros, ndi la zoipa, lotchedwa Cons, lililonse limafuna mawu osachepera asanu, ndipo mudzapeza ndemanga zambiri za mawu asanu okhawo. Zimawonjezera nyenyezi koma sizikuuzani kanthu.

Ngati mwangochotsedwa kumene, musagwiritse ntchito ndemanga ya kampani yanu yakale ngati chotsegulira. Perekani malipiro kapena nkhani ya intavyu. Mkwiyo ukadali wamoto, ndipo mwina kalata imene munasaina polandira ndalama zochokera pantchito ili ndi ndime yoletsa kunyoza kampani. Mphamvu ya ndime yotere imasiyana dziko ndi dziko, koma iwerengeni kaye.

Palinso nkhani ya chinsinsi, imene ndi yaikulu. Dzina lanu silioneka pa ndemanga, koma Glassdoor imalidziwa. Itagula pulogalamu ya Fishbowl mu 2021, inayamba kufuna mayina enieni pa maakaunti, ndipo mu March 2024 tsamba la nkhani la Ars Technica linalemba za anthu amene mayina awo anaikidwa pa maakaunti awo iwo asanavomere. Glassdoor inayankha kuti ndemanga zikuonekabe zopanda mayina. Koma chimene kampani ikusunga, khoti lingachiitanitse. Mu 2017 khoti la apilo la Ninth Circuit ku America linagamula kuti Glassdoor iulule olemba ndemanga ena pa mlandu umene boma linkafufuza. Mu 2022 khoti la ku California linalola Zuru, kampani yopanga zidole ya ku New Zealand, kuti ipatsidwe mayina a anthu amene inkafuna kuwasumira chifukwa cha ndemanga zawo. Glassdoor imalimbana nayo milandu yotere, koma siipambana yonse.

Tsegulani akauntiyo ndi imelo yanuyanu, osati ya kuntchito, ndipo ndi bwino ikhale yosiyana ndi imene ili pa CV. Nthawi ikadzakwana yolemba, lembani zoona zokhazokha zimene mungathe kuziikira umboni. Ngati udindo wanu munali nokha pakampanipo, musautchule ndendende. Masiku enieni, mawu amene munayankhula pamsonkhano, ndi ziwerengero zimene ankazidziwa anthu atatu okha zimakuululani msanga kuposa dzina. Mukangolowa, pitaninso kumene mumasinthira zidziwitso n'kuzimitsa maimelo, chifukwa tsambali limatumiza ambiri.

Kawerengedwe kake

Nyenyezi za pamwamba zija ndi chisakanizo cha ndemanga za maofesi onse, madipatimenti onse ndi mayiko onse kumene kampaniyo ili. Glassdoor imanena kuti ndemanga zatsopano zimalemera kuposa zakale, koma masamu ake enieni sinawaulule. Kampani ya nyenyezi 3.9 ingathe kukhala ndi akatswiri a kompyuta okondwa kulikulu ndi anthu oyankha mafoni a makasitomala amene akuvutika kunthambi. Inu mukukalowa m'chipinda chimodzi, pansi pa bwana mmodzi. Makampani ochuluka amagwera pakati pa 3 ndi 4 kapena kupitirira pang'ono, motero kusiyana kwa 3.6 ndi 3.9 sikuyenera kukusankhirani ntchito.

Choyamba sinthani kasanjidwe kuti ndemanga zaposachedwa zibwere pamwamba. Kenako sefani: malo amene mukagwireko, mtundu wa ntchito yanu, ndi antchito okhazikika ngati ntchito mukuifunsirayo ndi yokhazikika. Zosefera izi ndi zimene zimapangitsa Glassdoor kukhala yaphindu, ndipo anthu ambiri sazikhudza n'komwe. Werengani ndemanga za miyezi 12 mpaka 18 yapitayi, zosachepera 30 ngati zilipo. Yambani ndi za nyenyezi ziwiri, zitatu ndi zinayi. Wolemba wotere amakhala kuti waganiza, ndipo amatchula chabwino ndi choipa chomwe. Khalani ndi pepala pambali: dandaulo, kangati labwera, ndi ochokera m'dipatimenti iti. Munthu mmodzi akati akuluakulu sanena zoona, mwina ndi mkangano wake. Anthu asanu osiyana maudindo akanena zomwezo m'miyezi yosiyana, ndiye kuti ndi khalidwe la pamalopo.

Tsopano gawo limene lili lofunika kwambiri kwa inu. Pezani tsiku limene kampaniyo inachepetsa antchito komaliza. Nyuzipepala zingakuuzeni, ndipo ngati ndi kampani ya zaukadaulo onani Layoffs.fyi, tsamba limene Roger Lee analiyambitsa mu 2020. Mukapeza tsikulo, werengani ndemanga zonse za miyezi itatu lisanafike ndi miyezi isanu ndi umodzi litadutsa. Pabokosi lofufuzira m'ndemanga lembani mawu amene antchito amagwiritsa ntchito, poti zambiri zili m'Chingelezi: layoff, redundancy, restructuring, reorg, severance, hiring freeze, PIP. Kampani iliyonse ingachepetse antchito, ngakhale yabwino. Chimene mukufuna kudziwa ndi mmene inachitira.

Kodi anthu anauzidwa pamaso ndi bwana wawo, kapena anangodzuka m'mawa n'kupeza kompyuta yatsekedwa? Kodi mlungu wapitawo akuluakulu anali atalonjeza kuti palibe amene achotsedwe? Bodza lotere anthu saliiwala, ndipo limabwera m'ndemanga mobwerezabwereza. Kodi ndalama zochokera zinaperekedwa pa nthawi yake, ndipo zinali zofanana kwa anthu a msinkhu umodzi pantchito? Kodi anachotsa kamodzi n'kutha, kapena amadula pang'onopang'ono miyezi itatu iliyonse? Kudula kwa pang'onopang'onoku ndi koopsa kwa wobwera kumene, chifukwa kumasonyeza utsogoleri umene sunadziwe kukula kwa vuto lake, kapena ukupewa kuti nkhani imveke.

Samalaninso ndi mawu a PIP. Ndi ndondomeko imene wantchito amapatsidwa, kawirikawiri ya masiku 30, 60 kapena 90, yoti akonze kagwiridwe kake ka ntchito. Pamalo abwino imathandizadi munthu. Koma mukaona anthu angapo a m'dipatimenti imodzi akunena kuti anaikidwa pa PIP mwezi umodzi womwewo, atakhala zaka akuyamikiridwa, dziwani kuti mwina ndi njira yochepetsera antchito popanda kuwalipira zoyenera.

Ndemanga za otsala ndi zolemera kuposa mmene anthu amaganizira. Sefani kuti muone za antchito amene akadali pomwepo. Iwowa ndi amene angakuuzeni ngati ntchito ya anthu atatu inasenzetsedwa munthu mmodzi, ngati akuluakulu anafotokoza chifukwa chake, ndi ngati anthu aluso ayamba kuchoka okha. Malo amene mukufunsirawo mwina ndi a munthu amene anatopa n'kuchoka pambuyo pa kuchepetsako.

Pali chinthu chimodzi chimene tikufuna tinene mosabisa. Bala lanu limawerenga nanu limodzi. Mukapeza ndemanga ya nyenyezi imodzi ya munthu wochotsedwa, mtima umagwirizana naye nthawi yomweyo, chifukwa ululu wake mukuudziwa. Zimenezi n'zachibadwa, koma zingakutayitseni ntchito yabwino. Siyanitsani ululu ndi umboni. Ndemanga yonena kuti anapatsidwa notisi ya masiku awiri ndipo ndalama zinachedwa miyezi iwiri ili ndi zinthu zoti mungafunse ndi kutsimikiza. Yongotukwana akuluakulu ikukuuzani kuti munthuyo anapwetekedwa, basi.

Kupatula nyenyezi zonse, Glassdoor imagawa zina m'magulu: kakhalidwe ka pantchito, kusasankhana, nthawi ya ntchito ndi ya moyo wa munthu, akuluakulu oyendetsa kampani, malipiro ndi zowonjezera, ndi mwayi wokwera. Palinso chiwerengero cha amene angalimbikitse mnzawo kugwira pamenepo, cha okhutira ndi mkulu wa kampani, ndi cha amene akuona kuti bizinesi iyenda bwino, chotchedwa Business Outlook. Pa zonsezi yang'anitsitsani ziwiri, cha akuluakulu oyendetsa kampani ndi cha Business Outlook, ndipo musaone pamene zili lero pokha koma kumene zikulowera. Kafukufuku wofalitsidwa mu Journal of Financial Economics mu 2019 anapeza kuti makampani amene ndemanga zawo zikukwera amaposa pamsika wa masheya amene ndemanga zawo zikutsika, ndipo izi zinkaoneka kwambiri m'ndemanga za antchito amene akadali pantchito. N'zomveka: wogulitsa amadziwa kuti makasitomala akuchoka lipoti lisanatuluke. Apa pokha ndi pamene Glassdoor imayandikira funso loti ntchito ikhalitsa kapena ayi.

Pa za kakhalidwe, ofufuza Donald Sull, Charles Sull ndi Ben Zweig anasanthula ndemanga za pa Glassdoor zoposa 1.4 miliyoni, ndipo mu January 2022 analemba mu MIT Sloan Management Review kuti khalidwe loipa la pantchito linkalosera kuchoka kwa antchito kuposa malipiro maulendo 10.4. Makhalidwe amene anaoneka kuti amaononga kwambiri ndi kupanda ulemu, tsankho, chinyengo, kuponderezana ndi nkhanza. Kusiyanitsa kumeneku n'kothandiza powerenga. Madandaulo a misonkhano yambiri, makompyuta akale kapena kuchedwa kwa zisankho amapezeka pafupifupi kulikonse, ndipo munthu angapirire. Madandaulo a kuchititsidwa manyazi pagulu, kubwezeredwa ukanena vuto, kapena kuuzidwa kunamiza kasitomala ndi a mtundu wina.

Ndemanga zopangidwa

Makampani amadziwa kuti mumawerenga, ndipo ena amakonza tsambalo. Mu January 2019 The Wall Street Journal inasanthula ndemanga mamiliyoni n'kupeza makampani oposa 400 amene ndemanga zawo zinachuluka modabwitsa m'mwezi umodzi, zambiri zili za nyenyezi zisanu. Glassdoor imalola kampani kupempha antchito ake kuti alembe, koma imaletsa kuwakakamiza kapena kuwapatsa mphatso. Kusiyanitsa pempho ndi chikakamizo n'kovuta pamene wopemphayo ndi bwana.

Zizindikiro zake sizivuta kuona mukasanja mwa masiku. Ndemanga khumi za nyenyezi zisanu m'sabata imodzi, pambuyo pa miyezi ya zii kapena pambuyo pa ndemanga ziwiri zowawa. Zonse zazifupi. M'bokosi la zoipa alembamo kuti palibe chimene akuchiganizira, kapena kuti kampani ikukula mofulumira. Olembawo agwira ntchito nthawi yosakwana chaka, nthawi zina masabata okha, chifukwa ofesi yoona za antchito (HR) imakonda kupempha obwera kumene akadali osangalala. Mawu awo akufanana ndi a patsamba lotsatsira ntchito la kampaniyo. Mukapeza mulu wotere, uchotseni m'maganizo n'kuona zotsala. Komanso muutenge ngati umboni pawokha: kampani imene yasankha kukwirira madandaulo m'malo mowayankha yakuonetsani mmene imachitira ndi mavuto.

Mayankho a kampani pansi pa ndemanga muwawerenge onse. Yankho limodzi lokopedwa paliponse, loti tikuthokoza ndipo tikumva, likusonyeza ofesi imene ikungokwaniritsa mwambo. Yankho lovomereza cholakwa chenicheni n'kunena chimene chasintha ndi chizindikiro chabwino, makamaka likachokera kwa mkulu wodzitchula dzina. Choopsa ndi yankho lotsutsa wolembayo, kapena lomuonetsa kuti tikukudziwa. Amene akuopseza wantchito wakale pagulu sadzachita manyazi kuseri kwa chitseko.

Gawo la maintavyu ndi la malipiro

Gawo la maintavyu, m'maganizo athu, ndilo labwino koposa pa Glassdoor, ndipo makampani salikongoletsa kwambiri ngati ndemanga zija. Ofunsira ntchito amalemba mmene anapezera mwayi, magawo angati anadutsa, masabata angati zinatenga, mafunso amene anafunsidwa, ndi ngati anapatsidwa ntchitoyo. Kwa munthu amene akudya ndalama zosunga, kudziwa kuti kampani ina imatenga miyezi iwiri pomwe ina imamaliza m'masabata awiri kumathandiza kusanja kuti ayambire kuti. Fufuzani mawu akuti ghosted, kutanthauza kuti anangosiya kuyankha, ndi rescinded, kutanthauza kuti anapereka ntchito kenako n'kuilanda munthu asanayambe. Kampani imene yachita chachiwirichi posachedwa ikulemba anthu isanatsimikize ndalama zake. Onaninso ngati amapereka ntchito yaikulu yokachitira kunyumba popanda malipiro.

Gawo la malipiro ndi lofooka. Ziwerengero zina ndi zakale, zina ndi zoyerekeza za makina, ndipo dzina limodzi la udindo limatanthauza ntchito zosiyana m'makampani osiyana. Onani kuti apereka ndi anthu angati, a malo ati. Akakhala ochepera khumi, musakambirane malipiro modalira pamenepo.

Zimene Glassdoor singakuuzeni

Siidziwa ndalama zimene kampani ili nazo. Antchito angakhale okondwa mpaka tsiku lomaliza ngati akuluakulu amabisa bwino. Apa pafunika magwero ena, ndipo ambiri ndi aulere. Makampani ogulitsa masheya ku America amapereka lipoti la pachaka lotchedwa 10-K, lopezeka pa EDGAR, tsamba la SEC, bungwe la boma loyang'anira msika wa masheya. Mmenemo muli chiwerengero cha antchito. Chiyerekezeni pa zaka zitatu, ndipo fufuzani mawu akuti restructuring. Kampani ikaganiza zotseka nthambi kapena kuchotsa anthu ambiri, imathanso kulengeza pa fomu ya 8-K, ndime 2.05. Lamulo la WARN la mu 1988 limalamula olemba ntchito a ku America okhala ndi antchito 100 kapena kuposa kuti apereke notisi ya masiku 60 asanachotse anthu ambiri, ndipo zigawo zambiri za dzikolo zimaika manotisiwo pa intaneti. Ku Britain maakaunti a makampani amawerengedwa kwaulere pa Companies House. Kulikonse kumene kampani inalembetsedwa, funsani kumene malipoti ake amasungidwa.

Ngati ndi kampani yongoyamba kumene yodalira ndalama za oika chuma, funso ndi limodzi: ndalama zimene zilipo zifika miyezi ingati? Masamu ake ndi osavuta. Ndalama za kubanki muzigawe ndi zimene kampani imataya pamwezi. Yankho likakhala lochepera miyezi 12, ndiye kuti posachedwa ayenera kupeza ndalama zina kapena kudula anthu. Miyezi 18 mpaka 24 imapereka mpumulo. Funsaninso kuti analandira ndalama komaliza liti, ndi ngati kasitomala mmodzi ndiye akubweretsa gawo lalikulu la zolowa. Kumabungwe odalira thandizo, funsani ngati udindowo wamangidwa pa pulojekiti imodzi ndi tsiku limene ndalama zake zikutha. Musaope kuti funsoli likuonetsani ngati wovuta. Nenani mwachidule kuti munachoka chifukwa cha kuchepetsa antchito, n'chifukwa chake mukufunsa. Woyang'anira wanzeru amamvetsa, ndipo wozemba wakupatsani yankho lina.

Chofooka chachiwiri n'chachikulu kwambiri. Malamulo a Glassdoor amalola kutchula mayina a akuluakulu apamwamba okha. Bwana wanu wa tsiku ndi tsiku, amene adzasankhe ngati mupita kutchuthi, amene adzalembe lipoti la kagwiridwe kanu, ndiponso amene adzafunsidwe mayina kukadzakhala kuchepetsa, saoneka patsambali. Lamuloli lili ndi chifukwa chomveka, kuteteza anthu wamba kuti asanyozedwe ndi osadziwika, koma limasiya dzenje pamalo ofunika koposa.

Dzenje limeneli amalikwirira ndi LinkedIn, tsamba limene anthu amaikapo mbiri ya ntchito zawo. Pofufuza anthu pali chosefera cha kampani imene munthu anagwirako kale. Pezani anthu awiri kapena atatu amene anali m'dipatimenti imeneyo n'kuchoka m'zaka ziwiri zapitazi. Alembereni uthenga waufupi waulemu: mukuganizira ntchito yakutiyakuti, mukupempha mphindi khumi, ndipo zimene anene sizipita kwina. Ena sayankha, choncho lemberani asanu kapena asanu ndi mmodzi. Pafoni anthu amamasuka kuposa polemba. Afunseni ngati angabwererenso kukagwira pansi pa bwana yemweyo, ndipo mvetserani kuti ayankha msanga bwanji. Pa LinkedIn pomwepo werengani kuti udindo mukuufunawo wakhala ndi anthu angati m'zaka zitatu. Atatu m'zaka zitatu si mwangozi. Olipira LinkedIn Premium amaonanso patsamba la kampani ngati chiwerengero cha antchito chikukwera kapena kutsika, ndi nthawi imene anthu amakhalitsa pamenepo.

Pepala lanu la madandaulo lija lisandutseni mafunso a pa intavyu. Musanene kuti ndinawerenga kuti ndinu ankhanza. Funsani kuti malowa ndi atsopano kapena munthu anachoka, ndipo anachokeranji. Funsani kuti kampani inachepetsa antchito liti komaliza, anasankhidwa bwanji, ndipo gulu lino linakhudzidwa motani. Pemphani bwanayo akuuzeni za munthu wa m'gulu lake amene anakwezedwa chaka chatha, ndi za nthawi imene wantchito anamutsutsa n'kukhala kuti wantchitoyo ndiye amalondola. Funso limodzi lomwelo lifunseni kwa anthu awiri osiyana. Mayankho akasemphana, mwapeza pofunika kukumba.

Masamba ena tingowatchula mwachidule. Indeed ilinso ndi ndemanga, ndipo imakhala ndi zambiri za ntchito za m'masitolo, m'mafakitale ndi zosamalira odwala, koma ndi zazifupi. Blind, imene inayambira ku South Korea mu 2013, imatsimikiza anthu ndi imelo ya kuntchito, ndipo mphekesera za kuchepetsa antchito zimamveka msanga kumeneko, koma imathandiza kwenikweni m'makampani akuluakulu a zaukadaulo ndipo mawu ake ndi aukali. Pa ndemanga zosanjika bwino zoti mungasefe ndi kuyerekeza pa nthawi, Glassdoor ikadali patsogolo.

Zonsezi zimagwira ntchito pamene ndemanga zilipo zokwanira. Kampani yaing'ono ya ndemanga zisanu ndi ziwiri ilibe chiwerengero choti mungachikhulupirire, chifukwa ndemanga ziwiri za mwini wake ndi mnzake zingasinthe chithunzi chonse. Nthambi ya kampani yaikulu m'dziko limene anthu salemba kwambiri pa Glassdoor ingakhale ndi ndemanga zitatu pakati pa zikwi za kulikulu. Zikatero ziwerengeni ngati nkhani za anthu paokha, tengani funso limodzi kapena awiri, ndipo nthawi yanu yambiri ipite kwa antchito akale aja.

Kalata yokupatsani ntchito ikafika, Glassdoor yamaliza mbali yake, ndipo zotsala zili papepala. Onani kutalika kwa nthawi yoyesedwa ndi notisi imene kampani ingakupatseni mkati mwa nthawiyo, chifukwa kawirikawiri imakhala yaifupi kwambiri. Onani notisi ya pambuyo pake, ndi ngati ndalama zolipira munthu wochotsedwa chifukwa cha kuchepetsa zalembedwa kapena zasiyidwa ku lamulo la dzikolo. M'mayiko ambiri ndalama zimenezi zimawerengedwa potengera zaka zimene mwagwira, ndipo kwina munthu sayenerera kalikonse asanakwanitse nthawi yoikika, monga ku Britain kumene ndi zaka ziwiri. Wobwera kumene ndiye wotsika mtengo kumuchotsa. Ngati ndemanga zaonetsa kuti kampaniyo imadula anthu pafupipafupi koma ntchitoyo mukuifunabe, pemphani kuti notisi yotalikirapo kapena malipiro a miyezi ingapo pochotsedwa alembedwe mu mgwirizano musanasaine. Zimene mwalonjezedwa pakamwa, monga kugwirira kunyumba masiku ena kapena kuunikanso malipiro pakatha miyezi isanu ndi umodzi, zilowenso m'kalatamo.